Kugwira ntchito pakampani yomwe ikudya mpamba: nkhani ya Fast

Pa 5 Epulo 2022, kampani ya ku San Francisco yotchedwa Fast inalengeza kuti yatseka, ndipo anthu oposa 400 ntchito inawathera pomwepo. Chaka chimodzi ndi miyezi yochepa m'mbuyomo, mu Januwale 2021, kampani yomweyi inali italandira madola 102 miliyoni kuchokera kwa oika ndalama, motsogozedwa ndi Stripe, imodzi mwa makampani akuluakulu othandiza anthu kulipira zinthu pa intaneti. Ndalama zimenezi zinatha m'miyezi yosafika 15.

Ndasankha Fast chifukwa nkhani yake si ya anthu omangidwa kapena ya mankhwala achinyengo. Ndi nkhani ya kampani yomwe inali ndi ganizo lomveka, antchito aluso, ndalama zambiri, ndi utsogoleri womwe sunathe kuwerengera bwino masiku. Kampani zoterezi zilipo zambiri, ndipo achinyamata athu amene aphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta akulowa ntchito m'makampani a mtundu umenewu, ena ali ku Nairobi, Cape Town kapena London, ena ali pakhonde ku Lilongwe ndi laputopu yawo. Ambiri amalowa osadziwa mmene ndalama zimayendera mkatimo, ndipo kusadziwako ndi kumene kumawapweteka.

Fast inayambitsidwa mu 2019 ndi Domm Holland, wa ku Australia, pamodzi ndi Allison Barr Allen yemwe anachokera ku Uber. Malonda awo anali batani. Mukamagula katundu pa intaneti, nthawi zambiri mumayenera kulemba dzina, adiresi ndi manambala a khadi ya kubanki, ndipo anthu ambiri amatopera panjira n'kusiya osagula. Kwa zaka zambiri Amazon yokha ndiyo inali ndi chilolezo chaumwini cha njira yogulira podina kamodzi, koma chilolezocho chinatha mu 2017. Fast inafuna kupereka batani lotere kwa mashopu ena onse a pa intaneti, iyo n'kumadyapo kangachepe pa malonda aliwonse. Ganizoli linali labwino ndithu, ndipo kampani zina monga Bolt, PayPal ndi Shopify zinali kale pampikisano womwewo.

Bizinesi yomwe imaluza mwadala

Kwathu kuno, munthu akatsegula golosale kapena okala, lamulo loyamba lomwe aliyense amamuuza ndi lakuti usadye mpamba. Zogulitsa za lero ndizo zimaoda katundu wa mawa. Startup, monga mmene amazitchulira kampani zatsopano za tekinoloje zofuna kukula mwachangu, imayenda mosiyana. Imadya mpamba mwadala, ndipo oika ndalama amadziwa ndi kuvomereza zimenezo. Maganizo awo ndi akuti kampani ikagwira msika wonse anzake asanafike, phindu lidzabwera pambuyo pake lochuluka kwambiri. Amadziwanso kuti mwa kampani zomwe aikamo ndalama, zambiri zidzafa, ndipo imodzi kapena ziwiri zopambana ndizo zidzabweza zonse zomwe zinatayika.

Apa pali chinthu chofunika kuchigwira bwino. Woika ndalama ali ndi kampani makumi angapo m'thumba mwake, pamene wantchito ali ndi imodzi yokha. Fast itagwa, Stripe inapitiriza malonda ake monga kale. Mayi yemwe anasiya ntchito yokhazikika n'kulowa Fast miyezi isanu isanatseke anabwerera pamsewu kukafunafuna ina.

Ndalama zimabwera m'magawo. Choyamba pamakhala kambewu, kenako magawo omwe amawatchula ndi zilembo, Series A, Series B, mpaka kutsogolo. Fast inalandira madola 20 miliyoni pa Series A mu 2020, kenako 102 miliyoni aja pa Series B. Pa gawo lililonse kampani imagulitsa masheya atsopano, ndipo imayenera kuonetsa kuti yakula kuposa pomwe inali pa gawo lapitalo. Pakati pa magawowa pali mawu awiri omwe wantchito aliyense ayenera kuwadziwa. Burn rate ndi ndalama zomwe kampani imawononga pamwezi kuposa zomwe imapeza. Runway ndi miyezi yomwe yatsala ndalama za kubanki zisanathe. Masamu ake ndi a kupulaimale: ngati kubanki kuli madola 12 miliyoni ndipo mukuluza miliyoni imodzi pamwezi, mwatsala ndi miyezi 12. Ndipo popeza kukambirana ndi oika ndalama kumatenga miyezi ingapo, kampani yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi ili kale pamoto.

Atolankhani a The Information ndi amene anatulutsa manambala a Fast patangotsala masiku ochepa kuti itseke. Chaka chonse cha 2021 kampaniyi inapeza madola pafupifupi 600,000, pomwe m'miyezi ina inkawononga mpaka madola 10 miliyoni pamwezi. Mukagawa 600,000 ndi miyezi 12 mupeza 50,000. Ndiye kuti m'miyezi imeneyo, pa dola imodzi yolowa pankatuluka madola 200. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo sindinaonepo kampani yomwe mwambiwu unaiyenera ngati iyi.

Chomwe chinalola zoterezi ndi nyengo. Mu 2020 banki yaikulu ya ku America inatsitsa chiwongoladzanja kufika pafupi ndi ziro chifukwa cha Covid-19. Ndalama zinasefukira, ndipo mu 2021 zoikidwa m'ma startup padziko lonse zinaposa madola 600 biliyoni, zomwe zinali zisanachitikepo. Kampani zinkalandira ndalama pongoonetsa kuti zikukula. Mu Malichi 2022 bankiyo inayamba kukweza chiwongoladzanja, oika ndalama anayamba kufunsa za phindu, ndipo Fast itapita kukapempha gawo lotsatira inapeza zitseko zotseka. Inayesa kupeza woigula, osatheka.

Mmene zimaonekera ukakhala mkati

Munthu akamva zoti utsogoleri woipa amaganiza za bwana wokalipa. Alipo otero, koma m'kampani zamtunduwu bwana woopsa kwambiri nthawi zambiri amakhala wansangala, wodziwa kulankhula, amene mukatuluka mumsonkhano wake mumamva ngati mukukasintha dziko. Luso limenelo ndi lomwe linamupezetsa ndalama poyamba. Vuto limayamba pomwe luso lokopa oika ndalama lalowa m'malo mwa luso loyendetsa ntchito. Holland anali wotchuka kwambiri pa Twitter, ndipo kampani inkawononga ndalama zambiri pa zodzitsatsa ndi kuthandizira zamasewera kuti dzina la Fast limveke. Dzinalo linamvekadi, koma mashopu akuluakulu ogwiritsa ntchito batanilo anali ochepa.

Wantchito wamba samaona buku la kubanki. Chomwe amaona ndi anthu atsopano akulowa Lolemba lililonse, maudindo akuluakulu akupangidwa, ofesi yokongola, ndi malaya olembedwa dzina la kampani. Zonsezi zimamuuza kuti zinthu zili bwino. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Kulemba anthu ambiri ntchito ndi njira yosavuta yoonetsera kuti kampani ikukula, chifukwa kumafuna ndalama basi, pamene kupeza makasitomala olipira kumafuna kuti chinthu chanucho chikhale chabwino kuposa cha anzanu.

Chizindikiro chomwe ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse ndi mtundu wa manambala omwe atsogoleri amaonetsa pamisonkhano ya antchito onse. Kampani yathanzi, ngakhale ikuluza, imanena ndalama zomwe zalowa mwezi uno, makasitomala omwe achoka, ndi miyezi yomwe yatsala. Kampani yomwe ikubisa imaonetsa manambala okoma m'maso: anthu omwe anatsegula tsamba, omwe analembetsa ngakhale sanagule kanthu, kuchuluka kwa antchito, kapena kukula kwa maperesenti popanda kunena kuti kukulako kwachokera pati. Kuchoka pa makasitomala 10 kufika 20 ndi kukula kwa 100 peresenti, ndipo munthu akhoza kuimirira pamaso pa anthu 400 n'kunena zimenezo osanama ngakhale pang'ono. Wina akafunsa za runway n'kuyankhidwa kuti musadandaule, tili bwino, popanda nambala, yankho lenileni walimva kale.

Chachiwiri ndi kusinthasintha kwa njira. Kusintha pakokha si kulakwa. Slack, yomwe maofesi ambiri amalemberanapo mauthenga masiku ano, inabadwa kuchokera ku kampani ya masewera a pakompyuta yomwe masewera ake analephera mu 2012. Koma kusintha kotere kumachokera pa zomwe kampani yaphunzira kwa makasitomala. Kusintha koipa kumachokera pa zomwe bwana wamva dzulo pachakudya chamadzulo ndi woika ndalama. Injiniya amagwira ntchito masabata asanu ndi limodzi usana ndi usiku, kenako amauzidwa kuti siyani, tayamba china. Zikachitika katatu kapena kanayi, anthu amasiya kuika mtima pa ntchito iliyonse chifukwa akudziwa kuti sidzafika kumapeto. Pulogalamu imadzaza ndi zigamba, zomangidwa mothamanga kuti zikaonetsedwe kwa alendo, ndipo chilichonse chatsopano chimathyola china chakale. Amene amadzutsidwa usiku kuti akonze ndi injiniya yemwe uja anachenjeza kuti tisathamange.

Kenako anthu abwino amayamba kuchoka mwakachetechete. Yang'anani makamaka woyang'anira zachuma. Iyeyo ndi amene amaona manambala enieni, ndipo akachoka mwadzidzidzi popanda kufotokoza komveka, kapena mpando wake ukasintha anthu kawiri pachaka, pali chomwe waona.

Masheya omwe amakulonjezani

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amanyengeka, ndiponso ndi chingwe chomwe chimamanga munthu pakampani yomwe akudziwa kuti ikumira.

Startup ikamalemba munthu ntchito, kawirikawiri imamuuza kuti malipiro ndi awa, koma pamwamba pake tikupatsani masheya, ndipo kampani ikadzagulitsidwa kapena kulowa pamsika wa masheya mudzalemera. Chomwe ambiri amapatsidwa si masheya enieni. Ndi ma stock option, kutanthauza ufulu wodzagula masheya mtsogolo pamtengo womwe wakhazikitsidwa lero. Ufuluwu subwera nthawi imodzi. Mwambo wofala ndi wa zaka zinayi. Mukachoka kapena kuchotsedwa chaka choyamba chisanathe, simupeza kalikonse. Chaka chikakwana mumalandira gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo zotsalazo zimabwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu. Mukasiya ntchito, makampani ambiri amakupatsani masiku 90 okha kuti mugule masheyawo ndi ndalama za m'thumba mwanu, apo ayi ufuluwo watha. Ndiye munthu yemwe ntchito yangomuthera amayenera kusankha ngati atulutse ndalama zomwe anasunga kuti agule mapepala omwe sangawagulitse kwina kulikonse. Ku America nthawi zina amalipiranso msonkho pa mtengo wa papepala wa masheyawo.

Ndipo masheya si ofanana. Oika ndalama amalandira amtundu wapadera omwe ali ndi ufulu wobwezeredwa ndalama zawo poyamba kampani ikagulitsidwa. Antchito ali ndi masheya wamba, omwe amakhala kumapeto kwa mzere. Tiyerekeze kuti oika ndalama anaika madola 50 miliyoni, ndipo kampani itavutika yagulitsidwa pa 40 miliyoni. Angongole amatenga zawo, oika ndalama amatenga zotsala, ndipo antchito salandira ngakhale tambala, ngakhale nyuzipepala zilembe kuti kampani yagulidwa ndi mamiliyoni.

Izi zinachitikadi ku Good Technology, kampani ya ku California yomwe inkapanga mapulogalamu otetezera mafoni a kuntchito. Nthawi ina inkawerengedwa kuti ndi ya madola oposa biliyoni imodzi. Mu 2015 inagulitsidwa kwa BlackBerry pa madola 425 miliyoni. Nyuzipepala ya The New York Times inalemba kuti sheya wamba, yomwe chaka chapitacho inkawerengedwa pa madola 4.32, inatsika kufika pa masenti 44, pomwe sheya yapadera ya oika ndalama inali pamwamba pa madola atatu. Ena mwa antchitowo anali atalipira kale msonkho powerengera mtengo wapamwamba uja, moti anatuluka ataluza ndalama zawozawo pakampani yomwe anaigwirira ntchito zaka zambiri. Ku Fast zinali zachidule kuposa pamenepo, chifukwa kampani ikatseka osagulidwa, sheya wamba imasanduka pepala chabe.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sindikunena kuti masheya ndi bodza, chifukwa alipo antchito oyambirira a Google ndi Facebook omwe analemera nawo zenizeni. Ndikunena kuti munthu asavomere malipiro osakwanira lendi ndi fizi ya ana chifukwa cha nambala yomwe wamulembera pabolodi munthu yemwe akufuna kumulemba ntchito motchipa. Ndipo bwana yemwe amakuuzani kuchuluka kwa masheya anu koma amakana kukuuzani kuti kampani yonse ili ndi masheya angati, kapena kuti oika ndalama adzatenga zingati poyamba, wakupatsani nambala yopanda tanthauzo. Masheya 10,000 mwa miliyoni imodzi ndi osiyana kutalitali ndi masheya 10,000 mwa 500 miliyoni.

Ndani angamuletse bwana

Pakampani iliyonse pamayenera kukhala bodi, gulu lomwe limayang'anira mkulu wa kampani ndipo lili ndi mphamvu yomuchotsa. Mutu umodzi susenza denga. Koma m'zaka zomwe ndalama zinali zambiri, oika ndalama ndi amene ankapikisana kuti alowe m'kampani zotchuka, ndipo pofuna kusangalatsa oyambitsa ankawasiyira mphamvu zonse.

WeWork ndi chitsanzo chomwe chinaonekera poyera chifukwa inakakamizika kutsegula mabuku ake. Kampaniyi, yomwe Adam Neumann ndi Miguel McKelvey anayambitsa ku New York mu 2010, inkachita lendi nyumba zikuluzikulu, kuzikonza, n'kumabwereketsa madesiki ndi timaofesi, koma inkadzitcha kampani ya tekinoloje. Mu Januwale 2019 SoftBank, kampani ya ku Japan yoika ndalama m'makampani ena, inaiwerengera mtengo wa madola 47 biliyoni. Mu Ogasiti chaka chomwecho WeWork inatulutsa zikalata zolowera pamsika wa masheya, ndipo anthu anawerenga okha. Mu 2018 inaluza madola pafupifupi 1.9 biliyoni itapeza 1.8 biliyoni. Neumann anali ndi gawo m'nyumba zina zomwe kampani yake yomwe inkachitako lendi. Kampani inamulipira madola 5.9 miliyoni chifukwa cha umwini wa liwu loti We, zomwe anadzabweza anthu atadandaula. Sheya iliyonse ya Neumann inali ndi mavoti 20. Bodi inali pomwepo zonsezi zikuchitika.

Neumann anatula pansi udindo mu Sepitembala 2019. SoftBank inapulumutsa kampaniyo pamtengo wa pafupifupi madola 8 biliyoni, ndipo mgwirizano womwe unalengezedwa womuchotsera Neumann unali wofika madola 1.7 biliyoni. Mu Novembala antchito 2,400 anachotsedwa. Ambiri mwa iwo anali ndi ma option omwe mtengo wake wogulira unali pamwamba pa mtengo watsopano wa sheya, ndiye kuti ma option amenewo analibe phindu. Kampaniyo inadzalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu Novembala 2023. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbukira, chifukwa amene anapanga zisankho ndi amene anatuluka ndi chuma, ndipo amene anangomvera ndi amene analipira.

Pali utsogoleri wina woipa kuposa wowononga ndalama, womwe umalamulira ndi mantha. Ku Theranos, kampani ya Elizabeth Holmes yomwe inkati ikhoza kuyeza matenda ambiri ndi timadontho tochepa ta magazi a pachala, magulu a antchito ankaletsedwa kuuzana zomwe akuchita, moti panalibe wantchito wamba amene ankaona chithunzi chonse. Pabodi panali anthu otchuka monga George Shultz ndi Henry Kissinger, omwe anakhalapo nduna zoona za maubale a America ndi maiko ena, koma ukatswiri wawo sunali wa zoyeza magazi. Achinyamata awiri ongochoka ku yunivesite, Erika Cheung ndi Tyler Shultz, ndi amene anaona kuti makina sakupereka zotsatira zodalirika ndipo analankhula. Tyler anali mdzukulu wa George Shultz, ndipo agogo akewo poyamba anakhulupirira Holmes kuposa mdzukulu wawo. Awiriwa anatsatidwa ndi maloya a kampani. The Wall Street Journal inaulula nkhaniyi mu Okutobala 2015, kampani inatha mu 2018, ndipo mu 2022 Holmes anapezeka wolakwa pa milandu yonamiza oika ndalama n'kugamulidwa zaka zoposa 11. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma pakampani yotere wotsina khutu amatchedwa wosakhulupirika, wopanda mtima wa timu. Mukaona kuti munthu wofunsa funso lovuta pamsonkhano sakuitanidwanso ku misonkhano, dziwani kuti kuyambira tsiku limenelo bwanayo azingomva zomwe akufuna kumva.

Chifukwa chake anthu sachoka

Woonera kunja amafunsa kuti nanga bwanji osangosiya. Zifukwa zake ndi zolemera. Wina watsala ndi miyezi iwiri kuti chaka choyamba chikwane alandire gawo lake la masheya. Wina chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chamangidwa pa ntchitoyo. Ku America, mlendo wa chitupa chogwirira ntchito cha H-1B ntchito ikamuthera amakhala ndi masiku osapitirira 60 kuti apeze ina, apo ayi anyamuke. Wina amawakonda anzake a patimu ndipo amaona kuti kuchoka ndi kuwasiya pamoto. Ndipo nthawi zonse pamakhala lonjezo loti ndalama zatsopano zatsala pang'ono kulowa, tipirire mwezi uno wokha.

Kwa ife palinso china. Mwana akapeza ntchito pakampani yakunja yolipira madola, mudzi wonse umadziwa. Fizi ya azing'ono ake, feteleza wa amayi, malata a nyumba, zonse zimatsamira pa iye. Kuti akanene kunyumba kuti ndasiya chifukwa bwana sakunena zoona pa za ndalama, palibe amene angamumvetse. Ndiye amakhalabe, kugona maola anayi, kuyankha mauthenga pakati pa usiku chifukwa kwa bwana kudakali masana, mutu ukuwawa, mtima ukugunda foni ikalira. Pang'onopang'ono amayamba kudzikayikira, kuganiza kuti mwina vuto ndi iyeyo, pomwe vuto ndi lakuti akupatsidwa ntchito yosintha sabata iliyonse ndi munthu yemwe sakudziwa komwe akupita.

Amene akugwira ntchito ali kuno ali pachiopsezo chapadera, chifukwa nthawi zambiri salembedwa ngati wantchito koma ngati waganyu wa kontirakiti. Wailesi ya NPR ya ku America inalemba kumayambiriro kwa 2022 kuti ena mwa amene anamanga pulogalamu yoyamba ya Fast anali akatswiri a ku Nigeria, ndipo iwo anati anangodulidwa mwadzidzidzi kampani itayamba kupeza ndalama. Waganyu wotere alibe penshoni, alibe malipiro opatsidwa pochotsedwa ntchito, ndipo kampani ikamubera malipiro a miyezi iwiri, kukasuma kukhoti la ku California kapena ku Delaware ali ku Area 25 ndi zosatheka. Ngati kampani ndi yolembetsedwa m'Malawi momwemuno, zinthu zimasiyanako. Lamulo limati olemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro ku penshoni, wantchito 5 peresenti, ndipo pali khoti loona za ntchito komwe munthu angakadandaule. Koma kampani ikayamba kumira, ndalama za penshoni ndi msonkho wa PAYE ndi zomwe zimayamba kudulidwa papepala la malipiro osatumizidwa komwe zikuyenera kupita. Munthu azifunsa sitetimenti ku kampani yosunga penshoni yake, asadikire tsiku lotseka.

Ndipo musaganize kuti za Fast ndi za ku America kokha. Dash, kampani ya ku Ghana yotumizirana ndalama pafoni, inalandira madola oposa 80 miliyoni, ndipo inatseka mu 2023 pambuyo pa malipoti oti chiwerengero cha ogwiritsa ntchito chinali chokokomeza.

Kuvutika kwa kampani pakokha si umboni woti atsogoleri ndi oipa. Kampani zabwino zimavutikanso, ndipo kusiyana kumaoneka pa tsiku loipa. Mu Meyi 2020, Covid-19 itaimitsa maulendo padziko lonse, Airbnb, kampani yothandiza apaulendo kupeza malo ogona kudzera pa intaneti, inachotsa anthu pafupifupi 1,900 mwa antchito 7,500. Mkulu wake Brian Chesky analemba kalata yofotokoza mmene ndalama zatsikira ndi mmene anasankhira magawo ochepetsedwa. Ochotsedwa ku America analandira malipiro a masabata 14 kapena kuposerapo ndi inshuwalansi ya kuchipatala ya chaka, analoledwa kutenga malaputopu awo, ndipo lamulo lija la chaka choyamba linachotsedwa kuti ngakhale ongolowa kumene atuluke ali ndi masheya. Mu Disembala 2021, Vishal Garg, mkulu wa Better.com, kampani yobwereketsa ndalama zogulira nyumba, anaitana anthu pafupifupi 900 pa Zoom n'kuwauza m'mphindi zochepa kuti ntchito yawo yatha, Khirisimasi ili pafupi, kenako n'kunena kuti ena mwa iwo anali aulesi. Onse awiri anachotsa anthu ntchito, ndipo ochotsedwawo amakumbukira masiku awiriwa mosiyana kwambiri.

Choncho munthu akaitanidwa ku intavyu pakampani yotere, ali ndi ufulu wofunsa monga mmene woika ndalama amafunsira, chifukwa nayenso akuikamo zaka za moyo wake zomwe sizidzabwerera. Afunse kuti ndalama zomaliza zinalowa liti, zatsala za miyezi ingati, makasitomala olipira alipo angati, pabodi pali ndani, ndipo amene anali pampando umenewu anachoka chifukwa chiyani. Afufuze munthu mmodzi kapena awiri omwe anachokako pa LinkedIn n'kuwafunsa mwaulemu. Amene ali kale mkati ndipo zizindikiro zija akuziona, asunge makope a kontirakiti ndi mapepala a malipiro kunyumba, chifukwa tsiku lotseka imelo ya kuntchito imatsekedwa nthawi yomweyo. Ayambe kufunsira ntchito kwina adakali pamalipiro, ndipo malipiro akachedwa kachiwiri asadikire kachitatu. Akauzidwa kuti asinthe manambala opita kwa oika ndalama kapena kwa makasitomala, akane, chifukwa dzina lomwe lidzapezeke pa chikalatacho ndi lake.

Fast itatseka, kampani ya Affirm, yothandiza anthu kugula katundu n'kumalipira pang'onopang'ono, inatenga ambiri mwa mainjiniya ake. Luso lawo linali lenileni ndipo msika unkalifuna. Ogulitsa malonda, olemba anthu ntchito, othandiza makasitomala ndi ena ambiri anayenera kudzifunira okha, ndipo anatero pa nthawi yomwe makampani ena a tekinoloje nawonso anali atayamba kuchepetsa anthu.